Kuopsa koyendetsa galimoto ya dizilo turbo itayamba kufa

GAWO LOYAMBA: TURBO NDI NTCHITO YAKE

Turbo ndi chipangizo chimene chimakankhira mpweya wochuluka mu injini ya galimoto kuti injiniyo ikhale ndi mphamvu zoposa msinkhu wake. Galimoto zambiri za dizilo zimene zikuyenda m'misewu ya Blantyre masiku ano zili nayo: ma Toyota Hilux a D-4D, ma Isuzu KB ndi D-Max, ma Ford Ranger, malole ambiri onyamula mchenga ndi njerwa, komanso maminibasi ena. Ma Hiace akale a injini za 3L ndi 5L alibe turbo, pomwe a injini za 1KD ndi 2KD ali nayo.

Injini ya dizilo siyatsa mafuta ndi mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Pistoni imapanikiza mpweya mu silinda mpaka utatentha kupitirira madigiri 500, kenaka dizilo amapoperedwamo n'kuyaka yekha. Kuti dizilo apse yense pamafunika mpweya wokwanira. Monga makala a pa mbaula amanyeka mwaukali akamakupizidwa, dizilo nayenso amatulutsa mphamvu zambiri akapatsidwa mpweya wambiri. Ntchito ya turbo ndi yokupizayo.

Mkati mwa turbo muli mafani awiri olumikizidwa ndi shafiti imodzi. Fani yoyamba ili m'njira ya utsi wochoka mu injini, ndipo utsiwo ndi umene umaizunguza. Fani yachiwiri ili m'njira ya mpweya wolowa. Yoyamba ikamazungulira, yachiwiri imazunguliranso, n'kumakoka mpweya kuchokera ku fyuluta ndi kuukankhira mu injini. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, choncho galimoto zambiri zimaudutsitsa kaye m'chipangizo chouziziritsa chotchedwa intercooler.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, anailembetsa mu 1905. Inayamba kugwiritsidwa ntchito pa injini za sitima zapamadzi m'zaka za m'ma 1920, kenaka pa malole a kampani ya Saurer mu 1938, ndipo mu 1978 Mercedes-Benz inatulutsa 300SD, galimoto yaing'ono ya dizilo yokhala ndi turbo.

Zinthu ziwiri n'zofunika kuzidziwa. Choyamba ndi liwiro. Injini ya dizilo nthawi zambiri imazungulira maulendo 2,000 kapena 3,000 pa mphindi imodzi, koma shafiti ya turbo imatha kupitirira maulendo 150,000 pa mphindi. Chachiwiri ndi kutentha: utsi wofika pa fani yoyamba umatha kuposa madigiri 600 galimoto ikamakoka katundu. Chimene chimateteza shafiti pa liwiro ndi kutentha kotere ndi oyilo, ndipo ndi oyilo yemweyo wa mu injini. Amafika kudzera m'kapaipi kakang'ono, amazinga shafiti kuti isakhudzane ndi ma bearing, n'kubwerera pansi pa injini kudzera m'paipi ina. Turbo ndi injini zimagawana oyilo mmodzi ndi mpweya umodzi. N'chifukwa chake turbo siifa yokha. Ikamafa, zoipa zake zimadutsa m'njira ziwirizi n'kukafika mu injini.

GAWO LACHIWIRI: ZIMENE ZIMAPHA TURBO

Ku Misesa ndi madera oyandikana nawo a m'mphepete mwa phiri la Soche, galimoto imagwira ntchito ya kalavulagaga. Misewu yambiri yolowa m'makomo ndi yafumbi, yokumbika ndiponso yokwera. Lole yobweretsa mchenga kapena miyala pamalo omanga nyumba imakwera chitunda pa giya yoyamba itadzaza mpaka pakamwa. Minibasi yopita ku Limbe imaima ndi kunyamuka kosawerengeka pa ulendo umodzi. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri zinthu ndi chimodzimodzi, pakuti Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene mpweya umakhala wopepukirapo, ndiye turbo imazungulira kwambiri kuti ikwanitse mpweya umene injini ikufuna.

Mdani woyamba wa turbo ndi oyilo woipa. Oyilo amene wapitirira nthawi ya sevisi amadzala mwaye ndi tizitsulo, ndipo m'malo moteteza shafiti amaipala. Oyilo wachinyengo, wogulidwa m'mabotolo osadziwika kumene achokera, amapyapyala akatentha. Oyilo akachepa, kapena kapaipi kobweretsa oyilo kakatsekeka, shafiti imazungulira youma, ndipo pa liwiro lija masekondi ochepa okha ndi okwanira kuipsereza.

Mdani wachiwiri ndi fumbi. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika, ikakhala yosakhazikika bwino, kapena ikachotsedwa poganiza kuti galimoto ipuma bwino, fumbi limamenya mapiko a fani ya mpweya n'kumawadya pang'onopang'ono. Chizolowezi chouzira fyuluta ndi mpweya wamphamvu wa kompuresa chimatha kuboola pepala lake, fyulutayo n'kumaoneka yoyera koma ikudutsitsa fumbi. Kanati kapena kansanza koiwalidwa m'paipi ya mpweya pokonza galimoto kamaswa fani nthawi yomweyo.

Mdani wachitatu ndi kayendetsedwe. Madalaivala ena amati akangoliza galimoto m'mawa amaponda moto mwamphamvu kuti injini itenthe msanga. Nthawi imeneyo oyilo amakhala asanafike ku turbo. Ena amaponda moto kaye kenaka n'kuzimitsa. Apa pampu ya oyilo imaima pomwepo, koma turbo imapitiriza kuzungulira yopanda oyilo. Enanso amazimitsa injini atangomaliza kukwera chitunda ndi katundu. Oyilo wotsalira mu turbo yotenthayo amapserera n'kusanduka makala olimba, ndipo makalawo amatseka njira za oyilo.

Palinso zina. Paipi yobwezera oyilo ikapindika kapena kutsekeka, oyilo amasowa kolowera ndipo amatulukira ku mafani. Injini yotha, imene mpweya wake umadutsa m'mbali mwa mapistoni, imakankhanso oyilo chimodzimodzi. Dizilo wosakaniza ndi palafini kapena madzi, amene amapezeka m'zigubu mafuta akasowa, amawononga ma injector, ndipo dizilo akamapsa moipa utsi umatentha mopitirira muyeso ndi kudzaza mwaye mu turbo. Pomaliza, galimoto zambiri za kuno zimafika zitayenda kale ku Japan, ku United Kingdom kapena ku South Africa, ndipo turbo yake imakhala itagwirapo ntchito zaka zambiri.

GAWO LACHITATU: ZIZINDIKIRO

Kawirikawiri turbo imachenjeza isanafe. Chizindikiro choyamba ndi kuchepa kwa mphamvu. Galimoto imene inkakwera chitunda pa giya yachitatu imayamba kufuna yachiwiri, katundu ali yemweyo. Dalaivala amaponda moto koma galimoto imayankha mochedwa.

Chachiwiri ndi phokoso. Turbo yabwino imaimba kamluzu kapansipansi. Mluzuwo ukakula n'kumamveka ngati sayirini, kapena pakamamveka kukhulana kwa zitsulo, ndiye kuti fani yayamba kukhudza chikhokho chake. Phokoso lofwemba, ngati tayala likuphwa, limasonyeza kuti paipi ya mpweya yang'ambika kapena yamasuka.

Chachitatu ndi utsi, ndipo mtundu wake umanena zambiri. Utsi wakuda bii umatanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya. Utsi wobiriwirako kapena wotuwa, wonunkha oyilo wopserera, umatanthauza kuti oyilo akulowa m'njira ya mpweya kapena ya utsi. Utsi wotere umaoneka kwambiri galimoto ikanyamuka itaima nthawi yaitali ikulira, monga minibasi imene imadikira kuti idzaze pa siteji. Utsi woyera kawirikawiri umachokera kwina, monga ku ma injector kapena ku madzi olowa mu silinda.

Chachinayi ndi kutha kwa oyilo. Mwini galimoto amapezeka akuwonjezera oyilo sabata ndi sabata chonsecho pansi pamene galimoto imagona palibe dontho. Makaniko akamasula paipi ya pansi pa intercooler, oyilo amachucha. Kunyowa pang'ono kwa mkati mwa paipi si vuto, koma oyilo wochita kutsanuka ndi chenjezo lalikulu.

Chachisanu ndi nyali ya injini pa dashibodi. Galimoto zokhala ndi kompyuta zikazindikira kuti mpweya wa turbo wachepa kapena wachuluka, zimadzichepetsera mphamvu zokha pofuna kuteteza injini. Dalaivala akazimitsa n'kulizanso, mphamvu imabwerera kwa kanthawi, ndipo ambiri amaganiza kuti vuto latha. Silinathe. Kompyuta yangoyambiranso kuwerenga.

Chachisanu ndi chimodzi ndi choopsa kuposa zonse: injini kumakwera yokha kwa kamphindi dalaivala atachotsa phazi pa moto. Apa ndiye kuti injini yayamba kulawa oyilo wake.

GAWO LACHINAYI: ZOOPSA PAMSEWU NDI MU INJINI

Choopsa choyamba ndi kutha mphamvu pamalo oipa. Injini ya turbo inapangidwa kuti izidalira turbo, ndipo popanda iyo imafooka kwambiri. Galimoto imene yayamba kupitirira lole pa msewu wa Zalewa, mphamvu n'kuthera pakati, imatsala kumbali ya galimoto zobwera kutsogolo ilibe kothawira. Imene ikulowa mu msewu wa Masauko Chipembere n'kukana kuthamanga imawombedwa kumbuyo kapena m'mbali. Lole yodzaza mchenga ikalephera pakati pa chitunda cha m'makomo imabwerera chambuyo, ndipo kumbuyoko kumakhala ana a sukulu, akabaza, ogulitsa malonda ndi mipanda ya nyumba.

Choopsa chachiwiri ndi kuzima kwa injini galimoto ikuyenda. Pa galimoto zing'onozing'ono za dizilo, chipangizo chimene chimafewetsa buleki chimadalira pampu yoyendetsedwa ndi injini. Injini ikazima, buleki imagwira bwino kawiri kapena katatu, kenaka imauma gwa, ndipo pamafunika mphamvu zambiri za mwendo kuti galimoto iime. Chiwongolero nachonso chimalemera. Pa malole a mabuleki a mpweya, kompuresa imasiya kudzaza matanki. Zimenezi zikachitika pa msewu wotsikira ku Chikwawa, umene umatsetsereka kuchoka ku mapiri a Blantyre mpaka ku chigwa cha Shire kudzera m'makona a ku Thabwa, ngozi yake imakhala yaikulu.

Choopsa chachitatu ndi tizitsulo. Fani ya mpweya imapangidwa ndi aluminiyamu. Ma bearing akatha, shafiti imagwedera, mapiko amakhula chikhokho, ndipo tizidutswa timatengedwa ndi mpweya. Tina timakodwa mu intercooler, tina timafika mu masilinda n'kukanda makoma ake, kuswa mavalavu ndi kuboola mapistoni. Fani ya ku utsi ikasweka, zidutswa zake zimalowera ku ekizozi, ndipo pa galimoto zokhala ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF zimakawononga sefayo, imene ndi yodula.

Choopsa chachinayi ndi kuuma kwa injini. Turbo yotha imatha kumwa oyilo wa mu injini pa ulendo umodzi. Nyali ya oyilo imayaka zinthu zitaipa kale. Oyilo akatha, ma bearing a crankshaft amapserera, injini imayamba kugogoda, ndipo amakaniko amati yanoka. Tizitsulo tochokera ku ma bearing a turbo timabwereranso ndi oyilo n'kuzungulira mu injini monse.

Choopsa chachisanu ndi oyilo wodikha mu intercooler. Mpweya umapanikizika, koma oyilo sapanikizika. Oyilo wambiri akakokedwa nthawi imodzi n'kulowa mu silinda, pistoni imakumana ndi chinthu chosasunthika, ndipo chitsulo cholumikiza pistoni ku crankshaft chimapindika kapena kuthyoka. Nthawi zina chimaboola injini n'kutulukira kunja.

Choopsa chachisanu ndi chimodzi ndi mpweya wopitirira muyeso. Turbo iliyonse ili ndi njira yochepetsera mphamvu yake. Zina zili ndi kachitseko kotchedwa wastegate kamene kamalambalalitsa utsi, zina zili ndi timapiko tosuntha mkati. Mwaye ukamanga timapikoto, kapena kachitseko kakakakamira, turbo imakankha mpweya wochuluka mopitirira, ndipo gasketi ya mutu wa injini imaphulika kapena mapaipi amafwamphuka. Kumbali inayo, mpweya ukachepa dizilo n'kumabwera yemweyo, moto wa mu silinda umatentha kwambiri mpaka kusungunula kapena kung'amba pistoni.

Pa zonsezi, chimene chinayamba ngati vuto la chipangizo chimodzi chimathera pa kuphwasula injini yonse kapena kugula ina. Kwa mwini minibasi imodzi, amene banja lake, la dalaivala ndi la kondakitala onse amadya pa galimoto yomweyo, kusiyana kwake ndi kuima masiku angapo kapena kuima miyezi.

GAWO LACHISANU: INJINI YOTHAWA YOKHA

Pali ngozi imodzi imene imachitika pa injini za dizilo zokha. Injini ya petulo imayendetsedwa pochepetsa kapena kuwonjezera mpweya, ndipo kiyi akazimitsidwa mapulagi amasiya kuthetheka. Injini ya dizilo imakoka mpweya momasuka, liwiro lake limadalira kuchuluka kwa mafuta olowa, ndipo chilichonse choyaka chimene chafika mu silinda chimayaka. Oyilo wa injini ndi chimodzi mwa zinthu zoyakazo.

Ma seal a turbo akatheratu, oyilo amathiridwa m'njira ya mpweya. Injini imayamba kumuwotcha ngati dizilo ndipo liwiro lake limakwera. Liwiro likakwera, pampu imatumiza oyilo wambiri, turbo imakoka mwamphamvu, ndipo oyilo wolowa amachulukanso. Zinthu zimangokulirakulira. Dalaivala amachotsa phazi pa moto koma injini imapitiriza kukuwa. Amazimitsa kiyi, mwina n'kuzula kumene, koma injini siima, chifukwa kiyi amatseka dizilo, osati oyilo. Chiutsi chotuwa chimaphimba msewu wonse. Injini imathamanga kupitirira malire ake mpaka oyilo atatha kapena mpaka itasweka, ndipo zonsezi zimatha kuchitika m'mphindi zochepa.

Si oyilo yekha amene amathawitsa injini ya dizilo. Mpweya woyaka wa m'malo osungira mafuta umachitanso chimodzimodzi. Pa ngozi ya pa 23 March 2005 pa fakitale yoyenga mafuta ya BP ku Texas City m'dziko la America, pamene anthu 15 anamwalira, ofufuza anapeza kuti moto uyenera kuti unayatsidwa ndi galimoto ya dizilo imene inasiyidwa ikulira chapafupi, ndipo mboni zinaimva ikukwera yokha itakoka mpweya woyakawo. N'chifukwa chake injini za dizilo za m'malo otere zimaikidwa chotsekera mpweya chapadera.

Injini ikathawa, njira zoiimitsira zilipo ziwiri: kuikakamiza kuima kapena kuimana mpweya. Dalaivala wa galimoto ya magiya apamanja ayenera kuponda buleki mwamphamvu, kupatukira pambali, kuzimitsa kiyi, kukoka handibuleki, kulowetsa giya yapamwamba kwambiri, ndi kusiya klatchi buleki ili chipondere. Klatchi ikhoza kupserera, koma klatchi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi injini. Galimoto ya otomatiki singaimitsidwe motere. Dalaivala wake aime, aike pa P, akoke handibuleki, n'kutuluka.

Kumana injini mpweya kumatheka potseka kukamwa kwa paipi yolowera mpweya ndi chinthu cholimba ndi chophwatalala, monga thabwa, kapena popoperamo chozimitsira moto cha mpweya wa carbon dioxide. Dzanja lisayerekeze kutseka paipiyo, chifukwa mphamvu yokoka imavulaza. Kansanza kopyapyala kamangomezedwa. Madzi asathiridwemo. Ndipo njira imeneyi ndi ya munthu amene akudziwa kale pamene paipiyo ili. Nthawi yofufuza sipakhala.

Chachikulu ndi moyo wa anthu. Galimoto ikangoima, kondakitala atsegule chitseko, okwera onse atsike n'kupita kutali, kumbali yosayang'anizana ndi injini komanso kunja kwa msewu, pakuti galimoto zina sizimaona bwino mu utsiwo. Injini ikakana kuima pa kuyesa koyamba, aliyense aitalikire. Injini imene yaimitsidwa isalizidwenso, chifukwa oyilo akadali m'mapaipi ndipo idzathawanso.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: MOTO, UTSI NDI LAMULO

Oyilo wodontha kuchokera ku turbo amagwera pa zitsulo za ekizozi zotentha kwambiri, ndipo akhoza kuyaka. Pa maminibasi ambiri ndi malole ang'onoang'ono injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, choncho moto umayambira pafupi ndi anthu. Chikhokho cha turbo chikang'aluka, kapena gasketi yake ikapsa, utsi umalowa mkati mwa galimoto. Utsi wa injini yosowa mpweya umakhala ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide wochulukirapo, umene umayambitsa mutu, chizungulire ndi tulo. Dalaivala amene amaupuma tsiku lonse amachedwa kuganiza pamsewu.

Utsi wotuluka kunja umapwetekanso ena. Mu June 2012, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Utsiwu umavutitsa kwambiri ana, okalamba ndi odwala mphumu. Amene amaupuma kwambiri ndi amayi ogulitsa tomato ndi mandasi m'mbali mwa msewu, oitanira pa siteji, ndi akabaza otsatira kumbuyo kwa lole pachitunda. Oyilo wodonthera pa tala, makamaka mvula ikagwa, amaterereketsa njinga zamoto.

Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu m'Malawi iyenera kukhala ndi chiphaso cha COF, chimene chili pansi pa ulamuliro wa Directorate of Road Traffic and Safety Services, kusonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda. Chiphasocho chimanena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Udindo woonetsetsa kuti ikadali yabwino masiku otsatira uli m'manja mwa mwini wake ndi dalaivala.

GAWO LACHISANU NDI CHIWIRI: KUYEZA NDI KUKONZA

Si galimoto iliyonse yofooka ndi yofuka imene turbo yake yafa. Paipi yong'ambika, kilampu yomasuka, fyuluta yotsekeka, valavu ya EGR yodzala mwaye, sensa yonama kapena ma injector otha, zonsezi zimaonetsa zizindikiro zofanana. Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi zotsika mtengozi, ndipo pa galimoto ya kompyuta amalumikiza makina owerengera zolakwika.

Poyeza turbo yeniyeniyo, injini izime ndipo izizire. Makaniko amamasula paipi yolowera mpweya, n'kuunika mapiko ngati ali obenthuka, opindika kapena odyeka. Kenaka amagwira nsonga ya shafiti ndi zala. Kugwedera pang'ono cham'mbali kumakhalapo pa turbo zambiri, malinga ngati mapiko sakukhudza chikhokho. Koma shafiti ikamasuntha cholowa ndi chotuluka, kapena ikamalimba poizunguza, turboyo yatha. Galimoto yotere ikokedwe kupita ku galaja. Ndalama yokokera ndi yochepa poyerekeza ndi zimene zingawonongeke pa ulendo womalizawo.

Pokonza pali njira zingapo: kugula turbo yatsopano, kugula yokonzedwanso, kusintha chapakati chokha chimene chili ndi shafiti ndi mafani, kapena kugula yakale yochotsedwa pa galimoto ina, monga zimene zimapezeka kwa ogulitsa masipeya ku Ndirande ndi ku Limbe. Yakale iyenera kuyezedwa ndi zala monga tafotokozera isanalipiridwe. Turbo zambiri zimapangidwa ndi makampani monga Garrett, BorgWarner, IHI, Mitsubishi ndi Holset, ndipo iliyonse imakhala ndi nambala pa kachitsulo kake. Nambalayo igwirizane ndi injini, chifukwa kufanana maonekedwe sikokwanira. Kusintha fani imodzi pamanja popanda makina olinganizira kulemera kwake sikukhalitsa, popeza pa liwiro lija kupendekeka kosaoneka ndi maso kumadya ma bearing.

Chofunika koposa ndi kupeza chimene chinapha turbo yoyambayo, apo ayi yatsopanonso ifa imfa yomweyo. Oyilo ndi mafyuluta zisinthidwe. Kapaipi kobweretsa oyilo kasinthidwe kapena katsukidwe bwino, ndipo pasapakidwe silikoni, chifukwa akafinyikira mkati amatseka njira. Intercooler ndi mapaipi onse zitsukidwe mpaka oyilo ndi tizitsulo zitatheratu. Turbo yatsopano ithiridwe oyilo isanalumikizidwe, ndipo injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo isanapondedwe moto. Kutseka kapena kuchotsa turbo kuti galimoto izingoyenda si kukonza, pakuti muyeso wa dizilo wa injiniyo unakonzedwa molingana ndi mpweya wa turbo.

GAWO LOMALIZA: KUSAMALA TURBO

Turbo yosamalidwa imatha kukhala zaka zambiri. Oyilo akhale wa mtundu umene buku la galimoto likunena, wogulidwa pamalo odalirika, ndipo asinthidwe pamodzi ndi fyuluta yake. Opanga galimoto amafupikitsa nthawi ya sevisi pa galimoto zoyenda m'fumbi, zonyamula katundu wolemera ndi zoimaima, ndipo amakaniko ambiri a kuno amalangiza kusintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse. Muyeso wa oyilo uonedwe m'mawa uliwonse galimoto ili pamalo osapendekeka, injini isanalizidwe. Fyuluta ya mpweya iziyang'anidwa kawirikawiri m'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, ndipo ikatha isinthidwe m'malo momangoikuntha.

M'mawa injini ilire payokha kwa kanthawi kochepa, kenaka galimoto inyamuke modekha mpaka itatentha. Pambuyo pa ulendo wautali kapena chitunda chokwera ndi katundu, injini isiyidwe ikulira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanazimitsidwe, ndipo pasakhale kuponda moto pozimitsa. Katundu asapitirire muyeso wa galimoto, ndipo pachitunda dalaivala atsitse giya msanga m'malo moumiriza injini pa giya yapamwamba. M'galimoto muzikhala chozimitsira moto chogwira ntchito, ndipo dalaivala ndi kondakitala adziwiretu pamene pali paipi yolowera mpweya. Dalaivala wolembedwa ntchito auze mwini galimoto tsiku lomwelo akamva mluzu wachilendo, akaona utsi wobiriwira kapena oyilo akayamba kutha msanga, ndipo galimotoyo iyezedwe isananyamulenso anthu kapena katundu.